Madzi Ozizira Atamuwotcha Nemani

Nemani anatsika m'boti madzi akumulekeza m'mawondo, nsapato zili m'manja, akuitana mayina a anthu amene ena mwa iwo anali atagona kumanda kalekale. Pachilumbapa anachokapo ali mnyamata wopanda ndevu. Tsopano ankabwerera imvi zili mbuu, mimba ili patsogolo, atayendetsa mabasi mumzinda wa Sydney mpaka msana kuuma. Kumbuyo kwake kunkabwera mkazi wake Glenda, mzungu wa ku Australia komweko, wamtali ndi wojintcha, atavala chipewa chachikulu ngati lichero. Iyeyu kunali kuyamba kuponda dziko la Fiji, ndipo anali atakumbatira chikwama chobiriwira chimene anakana kwamtuwagalu kuti wina amulandire.

M'chikwamamo munali mankhwala okhaokha. Ulendo usanayambe, Glenda anakaonana ndi dokotala wa anthu apaulendo, nabayitsa katemera wa tayifodi ndi wa nthenda ya chiwindi mpaka mkono kutupa. Anagula mafuta othamangitsa udzudzu, ena oteteza khungu ku dzuwa, ndi nsapato zamphira zoyendera pamatanthwe a m'nyanja. Zonsezi anagula ziwiriziwiri. Nemani ataona anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, munamva kuti kuti munthu amabayitsa katemera popita kwawo? Udzudzu wa kumeneko ndi abale anga. Agogo awo anandiyamwa magazi ine ndili khanda."

"Ndiye adzukuluwo akukudikirirani ndi njala," anayankha Glenda osadzutsa mutu, akupitiriza kulongedza.

Atapereka kwa akuluakulu a mudzi mizu ya kava, imene amasinja nkupangira chakumwa cha amuna pabwalo, atalira ndi olira nkusekanso ndi oseka, kunatulukira Vilimaina. Ameneyu anali mwana wa a Sakiusa, malume ake a Nemani, msuweni wake weniweni, ndipo awiriwa chibadwire anali asanayankhulanepo mawu aulemu. Ndiyenso anali namwino yekhayo pachilumba chonse. Anaima manja ali m'chiuno, namuyang'ana Nemani kuyambira kuphazi mpaka kumutu, nkubwereranso pamimba.

"Kodi ndiwe Nemani, kapena ndiwe chinthu chimene chinameza Nemani?"

"Ha, Vilimaina, ukadali moyo? Ndimayesa odwala ako anakuponya m'nyanja kalekale."

Vilimaina anamukankhira kumbali, nagwira Glenda manja onse awiri. "Takulandirani, mkazi mnzanga. Mwamunayu ndi wanga, ndinangokubwerekani. Koma taonani mmene mwamuwonongera. Chinthu chobwereka mungabweze chonchi?"

Glenda anali atachenjezedwa kale za pakamwa pa asuweni, ndiye sanadabwe. "Mutengeni lero lomwe, mayi. Ndikupatsani ndi mkonono wake womwe."

Amayi amene anali pafupi anaseka mpaka kugwirana. Potsazika Vilimaina anati, "Mawa m'mawa alendo onse awiri ndikuoneni kuchipatala."

Nemani anacheuka uku ndi uku. "Awiri? Winayo ndani?"

"Amene akufunsayo."

Kachipatalako kanali kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Pakhonde pankagona mphaka wa Vilimaina, chimphaka chachikasu chong'ambika khutu, dzina lake Kapiteni. Namwino anawakhazika alendo ake pabenchi ya amayi a sikelo, nayamba kuwauza zimene ankauza aliyense wotsika m'boti. Madzi a m'thanki aziwiritsa kaye asanamwe. Udzudzu wa pachilumbapa ulibe malungo, koma uli ndi dengue, nthenda imene munthu amamva ngati mafupa akuthyoka, ndipo udzudzu wake umaluma masanasana, choncho neti yokha siyokwanira, azidzolanso mankhwala. Kumadimba asalowe m'matope ali ndi chilonda kuphazi, chifukwa m'matopemo mumakhala mkodzo wa makoswe. Akatemeka ndi thanthwe la m'nyanja abwere tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale ngati pokanda nkhuku.

"Chomaliza ndi nsomba," anatero. "Musanadye nsomba yaikulu, funsani kumene yagwidwa."

Glenda ankagwedeza mutu ngati akumva ulaliki. Nemani anaimirira, naloza kunja.

"Iwe Vilimaina, mchombo wanga unakwiriridwa pansi pa kokonati uyo. Undiphunzitse ine kudya nsomba? Iwe amene unkalira ukaona nkhanu?"

"Mchombo unatsala kuno, eya. Koma mimbayo ndi ya ku Sydney."

Nemani anaseka nawo, koma mawu akuti mlendo anamutsalira pakhosi ngati kaminga. Ndipo masiku otsatirawo zinthu zinkachita ngati zapangana ndi Vilimaina. Ana ankamutcha bambo a ku Sydney. Akamayankhula, anyamata ankayang'anizana nkumamwetulira, ati mawu ake ndi a m'nyimbo zakale za m'tchalitchi. Atapita kukaona munda wa malemu bambo ake anasochera, nkukatulukira kukhola la nkhumba za eni ake. Choipitsitsa chinachitika pabwalo la kava. Anakhala chopinda miyendo pamphasa monga amuna onse, koma mawondo anamukana, ndipo pofuna kudzuka anachita kumugwira uku ndi uku. Tsiku lotsatira anapeza atamuikira mpando wapulasitiki, wofanana ndendende ndi wa Glenda.

Mpando umenewo ndi umene unamutumiza kunyanja.

Loweruka m'mamawa anabwereka kabwato ka malume ake osanena kumene akupita, napalasa mpaka pampata, pamene matanthwe amatseguka ndipo madzi obiriwira amasanduka akuda bii. Apa ndi pamene bambo ake ankawedza. Uku sanasochere ayi. Manja ake anakumbukira okha kumanga mbedza ndi kukolowekapo nyambo, ndipo kabwato kankamumvera ngati sanachokepo. Dzuwa litakwera pang'ono, chingwe chinakoka mwamphamvu moti kabwato kanazungulira. Analimbana nayo, chingwe chikumucheka zala, akutukwana ndi kupemphera nthawi imodzi, mpaka nsomba inatulukira: ija amaitcha damu pachilumbapa, yofiira psuu, yaitali ngati mwendo wake. Nemani anakhala m'bwatomo ali wefuwefu, misozi ikutsika, osadziwa chimene akulirira.

Pobwerera kunyumba sanadzere njira yachidule. Anaisenza nsombayo paphewa, nadutsa pasitolo, patchalitchi, pampope pamene amayi ankachapa, nkuzunguliranso pasitolo paja poti ulendo woyamba panalibe anthu okwanira.

A Sakiusa anali pakhonde akusoka ukonde. Anaiyang'ana nsombayo osaigwira.

"Waitenga kuti, mphwanga?"

"Pampata, malume. Pamalo pa bambo."

"Ee, dzanjali ndi la bambo ako ndithu. Tsopano kumba dzenje lakuya, uikwirire."

Nemani anaseka, kuyesa kuti mkuluyo akuchita nthabwala. Koma a Sakiusa sankaseka.

"Chiwombereni namondwe uja, matanthwe a kumpata, aja amakula ngati zomera, anafa, ndipo nsomba zikuluzikulu za kumeneko zadzaza poizoni m'thupi kuposa kale. Ting'onoting'ono ta kuno kosaya idya mpaka utope. Iyi ayi."

"Malume, taonani maso akewa ali mbee. Tanunkhizani. Nsomba yoipa ine ndimaidziwa."

"Sinunkha, siwawa. Ungaiphike, ungaiwotche, poizoniyo sachoka."

Amayi a panyumbapo anakana kuikhudza, ngakhale kubwereketsa poto. Vilimaina anali atapita kuseri kwa chilumba kukayeza ana sikelo. Anatsala Glenda yekha, amene anamutsatira mwamuna wake kuseri kwa nyumba.

"Nemani, dokotala uja ananenanso zomwezi. Nsomba zikuluzikulu za m'matanthwe, makamaka mutu ndi chiwindi."

"Dokotala wanuyo mchombo wake uli pati?"

"Nanga wa malume anu uli pati?"

Funso limeneli Nemani anachita ngati sanalimve. Anasonkha moto yekha, nawotcha nsomba yake pamakala, nafinyirapo ndimu ndi kuwazapo tsabola. Inakoma. Pambuyo pake, akamafotokoza nkhaniyi, mfundo imeneyi sankaisiya: anthu anene zonse zimene akufuna, koma nsombayo inakoma. Anayamba ndi mutu, monga achitira mwini nsomba, nayamwa ndi maso omwe. Ali mkati modya, Kapiteni anatulukira mchira uli m'mwamba, ndipo Nemani anamuponyera chiwindi. Mphaka anameza osatafuna.

"Mwaona?" anafuula kuti a pakhonde amve. "Mphaka wa namwino weniweniyo wadya! Mphaka amadya poizoni?"

A Sakiusa anangotenga khasu, natola nsomba yotsalayo, nkulowera nayo kuthengo.

Masana anadutsa bwino. Nemani anagona pamthunzi akutokosa m'mano kuti odutsa aone. Dzuwa litapendeka, m'mimba munayamba kulira ngati injini ya basi yakale. Ulendo woyamba wa kuchimbudzi anapita akuimba mluzu, ngati munthu wongowongola miyendo. Wachiwiri anapita mofulumirirapo. Kenako mluzu unatha. Milomo inayamba kunyerenyesa, zala kuchita dzanzi, koma iye anati ndi tsabola. Pofuna kudzitsitsimula anapita pampope wa thanki, natsegula, natchera manja.

Anakuwa mpaka nkhuku kubalalika.

"Ndani wawiritsa madzi m'thankimu? Mukufuna kupha munthu?"

Glenda anathamanga, nagwira madziwo. Anali ozizira bwinobwino. Anamutungira ena m'kapu kuti amwe, koma atangofika pakamwa Nemani analavula, nayamba kukupiza lilime ndi dzanja. Atalowa m'nyumba, simenti yozizira inamuwotcha kuphazi ngati waponda makala, ndipo chimunthu chonsecho chinayamba kudumphadumpha mpaka chinakakwera pabedi.

"Mayi," ananong'ona, "mano anga akugwedera. Onse. Tagwirani."

Glenda anagwira. Mano anali olimba ngati misomali. Nemani anafuna kudzuka kuti akadzionere yekha pagalasi, koma nyumba inazungulira, m'maso munachita mdima, nagwa chagada.

Pachilumbapa palibe galimoto, choncho anamunyamula pawilibala ya kusitolo, miyendo ili lendelende, kudutsa njira yomwe ija anadutsa m'mawa ndi nsomba paphewa. Oonerera analinso omwewo.

Vilimaina anali atangofika kumene, chikwama chikadali paphewa.

"Mwandibweretsera chiyani, thumba la kokonati?"

"Wadya damu ya pampata," anatero a Sakiusa. "Mutu wonse."

"Chitsiru cha msuweni!"

Anamugwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima, pakamwa pali pokonzeka kuwonjezera china. Sanawonjezere. Anayang'ana wotchi yake, nagwiranso pakhosi. Kenako anayankhula ndi mawu ofatsa amene Nemani anali asanawamvepo.

"Achimwene, gonani apa. Musadzuke, ndipo musaope."

Achimwene! Madzi owotcha aja anangomudabwitsa Nemani, mano ogwedera anangomudandaulitsa, koma Vilimaina kumupatsa ulemu kunamuuza kuti zinthu zafika poipa. Mtima wake unkagunda pang'onopang'ono, ngati munthu wamanyazi wogogoda pakhomo pa eni ake. Namwino anamuika dilipi, naimba foni kwa dokotala wa kuchilumba chachikulu. Ankayankhula mwachidule, nkumvetsera, nkuyankhanso. Kenako anamubaya jakisoni wofulumizitsa mtima, natumiza uthenga kwa Jovesa, mwini boti, kuti athire mafuta akhale wokonzeka.

"Zikavuta kwambiri, tikakafika kuchilumba chachikulu ndege ikhoza kumutenga," anatero Glenda. "Inshuwalansi ya paulendo ali nayo. Ndinamulembetsa osamuuza."

Nemani anafuna kukwiya, koma mphamvu zokwiyira analibe.

"Mayi," anatero, "ndikafa musandibweze ku Sydney. Mundiike pafupi ndi bambo."

"Takhalani chete inu."

Glenda anamugwira dzanja, koma iye anadzidzimuka: mphete yozizira inamuwotcha. Mayiyo anavula mpheteyo, imene chikwatirane anali asanaivulepo, naiika m'thumba. Anauzira mpweya m'manja mwake kuti afunde, nkumugwiranso. Chipewa chachikulu chija chinali chitagwera penapake panjira, ndipo nkhope yake inali yonyowa.

Kunja anthu anali atadzaza pansi pa mango, akuyankhula monong'ona. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya m'tchalitchi, yakale, ndipo ena analandira chapansipansi. Nemani ankaidziwa yonse. Anaimvetsera maso ali padilipi, akuganiza kuti anayenda mtunda wonsewu kudzafera nsomba.

Dzuwa lili pafupi kulowa, Vilimaina anamugwiranso pamkono. Anawerenga kugunda kwa mtima maso ali pawotchi. Kenako anauponya mkonowo pabedi ngati chisanza.

"Galu iwe, wandichititsa mantha. Ukanafera muno anthu akanati ndakupha ndi nsanje."

Nemani anapumira m'mwamba. "Mayi, kauzeni a boti akapume. Ndachira."

"Wachira ndani? Gona pomwepo, chimimba iwe."

M'mawa mwake anadzuka thupi lonse likuyabwa ngati wagona pachitedze. Mtima unali utabwerera m'malo mwake, koma miyendo inali yolemera, ndipo supuni yozizira inkamuwotcha milomo. Ali mkati mokanda, Vilimaina analowa nkhope ili gwa, atafungatira Kapiteni m'thaulo. Atamuika pansi, mphakayo miyendo yakumbuyo inapita kwina, yakutsogolo kwina, ngati wachokera kumowa.

"Unamupatsa chiyani mwana wanga?"

"Anapempha yekha."

"Chiwindi! Malume ako andiuza zonse. Iwe ukanafa tikanalira nkuiwala. Uyu amandigwirira makoswe m'chipinda cha mankhwala. Iwe umagwira chiyani?"

Anamugoneka mphakayo m'katoni pafupi ndi bedi la Nemani, ndipo odwala awiriwo anakhala wodi imodzi, wina akukanda, wina akung'ung'udza.

Anthu atatuluka m'tchalitchi anabwera kudzazonda matenda. Aliyense ankayamba wawerama pakatoni. "Wagona bwanji, Kapiteni? Pepa, pepa, anakunamiza munthu woipa." Kenako nkutembenuka. "Nanga inu, bambo a ku Sydney? Tikutungireni madzi ozizira?"

Koma amuna a kubwalo la kava aja sanachoke. Anakhala pansi m'mbali mwa khoma, ndipo Jovesa, munthu wamfupi wa mawu aakulu, ndi amene anayamba.

"Ine yanga inali chaka chimene ndinakwatira. Mvula inandipeza panjira. Abale inu, ndinathamanga ndikukuwa kuti kumwamba kukugwa madzi owira! Apongozi anga anali pakhonde, anaona zonse."

"Iwe zako zinachepa," anatero wina. "Ine ndinamanga nsagwada ndi mpango kuti mano asagwere m'supu."

"Nanga ine ndinkavala masokosi m'manja popalasa boti?"

"Popalasa chiyani? Boti unali nalo iwe?"

Zinapezeka kuti mwa amuna amene anali m'chipindamo ochepa okha ndi amene anali asanalawepo nthendayi. Aliyense anachenjezedwa, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake chimene sanamvere. Wina anali ndi njala. Wina anati anaona ntchentche zikutera pansombapo, ndiye anati ndi yabwino. Vilimaina, amene ankasintha dilipi, anangopukusa mutu.

"Ntchentche, mphaka, nyerere, zonsezo zabodza. Nanga ntchentche inapita kusukulu iti? Mukakayikira, kwirirani basi."

A Sakiusa anadikira kuti phwete lithe. Kenako anati, "Bambo ako kawiri."

Nemani anasiya kukanda. "Bambo?"

"Pampata pomwepo, damu yomweyo. Koyamba tinamuuza, sanamve. Kachiwiri anati poizoniyo amamudziwa kale, sangamuchitenso kanthu. Masiku amenewo kunalibe namwino, kunalibe wilibala. Ndinamubereka ndine kuchokera kugombe, ndipo anandisanzira m'khosi. Mlongo wanga, amayi ako, anamudyetsa chinangwa ndi masamba mpaka anayamba kulira ngati mbuzi."

Nkhani imeneyi Nemani anali asanaimvepo. Bambo amene iye ankawakumbukira anali munthu wosalakwitsa kanthu panyanja, wowerenga mitambo ndi mafunde, woopsa pomuyang'ana. Anaseka mpaka dilipi kugwedezeka. Kenako anakoka chofunda nadziphimba kumaso, ndipo anakhala choncho kanthawi. Amuna aja anamusiya, nayamba kukambirana za mtengo wa mafuta a boti.

Atavundukula, Jovesa anamumenya paphazi. "Ukadzuka ubwere kubwalo. Mpando uja tiuchotsa. Miyendo uzingowongola, tonsefe mawondo anatha kalekale, timangolimba mtima."

"Kubwalo apite, koma kava asamwe," anatero Vilimaina. "Tamvera bwino, msuweni. Kwa miyezi ingapo nsomba ayi, ngakhale ya m'chitini. Mowa ayi, mtedza ayi. Ukangolawa, kuyabwa ndi kuwotcha kuja kubwerera. Ukakafika ku Sydney ukaonane ndi dokotala, ukamuuze zimene unadya, osabisa."

"Ndiye ndizidya chiyani pachilumba cha nsomba?"

"Chinangwa ndi manyazi."

Ndi mmene zinakhalira. Masiku amene anatsala, Nemani ankadya chinangwa ndi masamba otendera kokonati, akuyang'ana anzake akunyambita zala. Ankasamba madzi ofunda ngati khanda, ndipo ankayenda ndi masokosi dzuwa likuswa mtengo. Madzi akumwa ankawiritsa yekha osauzidwa, ngakhale ankanena kuti akutero chifukwa ozizira akumuwotcha basi. Madzulo ankakhala pamphasa pakati pa amuna, miyendo ili tambalale, chikho cha kava chikumudumpha, ndipo panalibenso womutcha bambo a ku Sydney. Dzina latsopano linali Damu. Kapiteni anachira msanga kuposa iye, koma kuyambira pamenepo akangomuona ankafutukula ubweya nkulowera pansi pa benchi.

Glenda ndiye anasangalala. Ankasambira m'mawa uliwonse atavala nsapato zake zamphira, ankadya tinsomba ta kosaya mpaka minga kudzaza mbale, ndipo ankaperekeza Vilimaina kusikelo. Awiriwa anagwirizana moti Nemani akawaona akuseka pansi pa mango ankadziwa kuti nkhani yake ndi iyeyo. Mankhwala amene anatsala m'chikwama, Glenda anawasiya kuchipatala.

Tsiku lonyamuka kunacha ndi mphepo, ndipo madzi anali ataphwa moti boti la Jovesa linaima patali ndi gombe. Aliyense wokwera ankayenera kuyenda m'madzi. Mudzi wonse unatsikira kumchenga, amayi akuwaveka alendo nkhata za maluwa m'khosi, amuna akusenza katundu pamutu kupita kuboti. Nemani anavula masokosi, naviika chala chimodzi m'madzi, nkubwerera m'mbuyo ngati walumidwa ndi nkhanu.

"Sizitheka," anatero. "Tidikire madzi abwerere."

"Tikadikira, ndege yanu ikusiyani," anafuula Jovesa ali m'boti.

Amuna awiri anabwera kuti amunyamule, koma Vilimaina anawaletsa. "Chokani inu. Katunduyu ali ndi eni ake. Mkazi mnzanga, tabwerani."

Iye ndi Glenda anagwirana manja mopingasa, napanga kampando. Nemani anakana, anadandaula, anayang'ana malume ake kuti amuthandize, koma a Sakiusa anali kuyang'ana mitambo. Potsiriza anakhalapo, mkono wina pakhosi pa mkazi wake, wina pakhosi pa msuweni wake, miyendo atakweza m'mwamba. Amayi a pagombe ataona anasiya nyimbo yotsazikana imene anali atayamba, nayambitsa ya ukwati, akuwomba m'manja ndi kululutira.

Atafika pakati, madzi ali m'ntchafu, onyamulawo anaima.

"Bwanjinso?" anafunsa Nemani, akuyang'ana madzi ali phwaphwa pansi pake.

"Pali funso," anatero Vilimaina. "Mwa ife awiri wokongola ndani?"

"Ayi, chonde, tiyeni kaye tikafike."

"Yankhani, bambo," anatero Glenda. "Manja anga atopa."

"Malume!" anakuwa Nemani. "Ndithandizeni!"

"Sindikumva, mphwanga!" anayankha a Sakiusa ali kugombe. "Mphepo!"

Nemani anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere. Thukuta linali kamukamu. "Wokongola," anatero pang'onopang'ono, "ndi amene sanditaya."

Amayi awiriwo anaphulika kuseka, manja anafooka, ndipo chidendene cha Nemani chinakhudza madzi. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kutchalitchi. Anathamanga naye mtunda wotsalawo akupepesa ndi kuseka, ndipo Jovesa anamukokera m'boti ngati nsomba yaikulu, mutu patsogolo.

Glenda atakwera, Vilimaina anatsala m'madzi atagwira m'mphepete mwa boti, yunifolomu yake itanyowa mpaka m'chiuno.

"Usakhalenso zaka zonsezi osabwera," anatero Vilimaina. "Bambo akukalamba."

"Ndibwera chaka chamawa."

"Wabodza iwe."

"Ndibwera, Vilimaina."

Namwinoyo anamumenya paphazi, natembenuka msangamsanga, nayamba kubwerera kugombe osacheuka, akupukuta kumaso ndi mkono. Jovesa analiza injini. Nemani anavalanso masokosi ake, nakhala pakati penipeni pa boti pamene mafunde sangamuwazire, ndipo anakweza dzanja mpaka anthu a pagombe anasanduka timadontho.